Magetsi a pa dashibodi ya Beetle akazima

Achimwene, mwati magetsi a mu sipidomita ya galimoto yanu ya Volkswagen Beetle ya 1971 azima onse, pomwe akutsogolo akuyaka bwinobwino. Musathamangire kugula mababu, sangapsere tsiku limodzi onsewo. Ine ndikukayikira swichi yoyatsira magetsi akutsogolo. Mukapotoza kogwirira kake m'pamene kuwala kwa mu sipidomita kumakwera kapena kutsika, ndiye kawaya kopiringizika ka m'kati mwake kamachita dzimbiri.

Tsegulani boneti yakutsogolo, swichiyo muiona kuseri kwa dashibodi. Chonde yambani mwachotsa waya wa batire, chifukwa waya wofiira wolowa pa swichiyo pomwe palembedwa 30 ulibe fyuzi. Pa swichi pomwepo, lumikizani polembedwa 58 ndi polembedwa 58b ndi kawaya kakafupi, mubwezeretse batire, muyatse. Akayaka, vuto ndi swichi basi. Akapanda kuyaka, masulani zomangira sipidomita, mupale dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, poti efi, njira yomwe mphamvu ya magetsi imabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, imadutsa pamenepo.