Zipinda za alendo patsinde pa phiri la Dómuè: mudzagonamo nokha kodi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndaidula pang'ono, koma mtima wake ndi uwu: "Bambo a kunyumba anagwira ntchito zaka 9 kumigodi ya malasha ku Moatize. Ntchito inatha, anawapatsa kangachepe. Pawailesi tikumva kuti kukopa alendo ndiye tsogolo la dziko lino. Tili ndi malo patsinde pa phiri, ndiye tikuganiza zomanga zipinda zisanu ndi chimodzi za alendo odzaona malo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti chibadwire changa sindinaonepo mlendo wa chikwama kumsana akukwera phiri lathuli. Alendowo ali kuti? Tikamanga, sitidzagonamo tokha?"

Mayi, funso lanu lomalizalo musalichite manyazi, ndi limene ambiri amafunsa malata atakhoma kale. Mukamangira mlendo wa pawailesiyo, inde mudzagonamo nokha. Koma alipo alendo ena amene akudutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku, kungoti sitiwatchula kuti alendo.

Zoti munthu n'kuona kuno ku Tete zilipo, pamenepo wailesi sikunama. Damu la Cahora Bassa ku Songo, lomwe linamalizidwa mu 1974, linapanga nyanja yotalika makilomita oposa 200 kulowera ku Zumbo. Tchalitchi chakale cha Boroma chili pamtunda poyang'ana Zambezi, kufupi ndi mzinda wa Tete. Ku Mágoè kuli paki ya nyama yomwe boma linakhazikitsa mu 2013. Phiri lanu la Dómuè limapitirira mamita 2,000, ndipo munthu wochokera kuchigwa akafika kumeneko amapuma ngati wamasulidwa chingwe pakhosi. Nanga gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi? Nanga nyama ya mbuzi ya ku Tete, yodya masau ndi malambe, imene anthu a ku Maputo amaitanitsa ndi dzina?

Vuto ndi lakuti Tete ndi njira. Anthu amadutsa, safika.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinali pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kopitirira madigiri 40 kuja kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Panaima chigalimoto chachikulu chonyamula azungu, chochokera ku Harare kupita ku Blantyre. Anatsika nkhope zili psuu, anagula madzi ozizira mabotolo angapo, mmodzi anajambula mtsinje, mtsikana wogulitsa malambe anawathamangira ndi beseni lake koma palibe anadziwa kuti chipatsocho amadya bwanji. Mphindi 20 zisanakwane anali atapita. Analowa m'mawa pa chipata cha Cuchamano, madzulo anali atatuluka pa chipata cha Zóbuè. Ndalama imene anasiya m'chigawo chonsechi ndi ya madzi aja ndi yolipira pachipata. Usiku umenewo anakagona ku Malawi, anakadya ku Malawi, ndipo woperekeza amene anamulipira mawa lake anali wa ku Malawi.

Bwanji saima? Wina anganene kutentha, koma kwanu ku Angónia kulibe kutentha. Ine ndimati n'kutopa. Munthu amene wayenda pamsewu wa EN7 akuzemba maenje ndi mathiraki, amene waimitsidwa kanayi kuti aonetse mapepala omwe aja, safuna kuwonjezera tsiku. Inenso zinandionekera nditaperekeza mnzanga wochokera kunja. Pachotchinga china munthu wa yunifolomu anatembenuza pasipoti yake uku ndi uku, kusowa cholakwa, kenaka n'kumwetulira kuti kunja kwatentha, palibe ka refresco, kachakumwa koziziritsa kukhosi? Ankanena chiphuphu. Mnzangayo anaseka, koma pobwerera anasankha kuzungulira njira ina. Ndipo anthu oterewa amauzana pa intaneti. Boma linachita bwino mu 2023 kuchotsa viza kwa anthu a m'mayiko 29 obwera kudzacheza kapena kudzachita malonda, koma chimene lachotsa ku ofesi chimabwereranso pamsewu.

Onjezanipo mikwingwirima imene yatigwera motsatizana. Mu 2016 kuwomberana kwa asilikali a boma ndi a Renamo kunathawitsa anthu a m'midzi ya Moatize kupita ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, ndipo magalimoto ankayenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali pakati pa Vanduzi ndi Changara. Mu 2020 Covid-19 inatseka zipata. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinatseka misewu kwa miyezi. Mlendo wodzasangalala ali ngati mbalame ya pampanda, ukangokhosomola yauluka, ndipo kubwerera kwake n'kochedwa. Woyendetsa thiraki amabwera ngakhale kukuphulika, chifukwa katundu ndi wa eni. Wodzaona phiri amangosintha tikiti.

Pali chinanso chimene bambo a kunyumba kwanu akuchidziwa kuposa ine. Mahotela ambiri amene mumaona ku Tete ndi ku Moatize sanamangidwire odzaona malo, anamangidwira malasha. Kampani ya Vale itayamba kukumba mu 2011, chipinda mumzinda chinkasowa ngati mchere wa m'nthawi ya nkhondo, mitengo inakwera, aliyense wokhala ndi kabwalo anamanga zipinda za lendi. Chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula kampani ya mgodi wa Benga ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, mu 2014 n'kuugulitsa madola 50 miliyoni okha. Mtengo wa malasha utagwa, zipinda zija zinatsala ndi akangaude, anyamata ophika ndi atsikana oyala mabedi anabwerera kumudzi. Vale nayo inagulitsa mgodi wake ku kampani ya Vulcan mu 2022. Choipa china n'chakuti mitengo ya nthawi ya malasha inazolowereka. Mphunzitsi wa ku Furancungo amene akufuna kukaonetsa ana ake damu sangakwanitse chipinda chimene anachiikira mtengo wa injiniya wolipiriridwa ndi kampani.

Tsono kumene alendo enieni amafikako, kunyanja ndi kutchire, anthu a m'midzi akupeza chiyani? Apa ndiye pamandiwawa. Obwera kudzawedza nsomba ya mano akuthwa ija amati tiger fish, ambiri ochokera ku South Africa ndi Zimbabwe, amalipiriratu ali kwawo, amafika ndi zakudya zawo m'mabokosi oziziritsa, amagona kumalo otchingidwa ndi mpanda. Wa m'mudzi amapeza ntchito yaulonda, yochapa, mwina yoyendetsa bwato, ndipo nyengo ikatha amakhala. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi a m'nyanjayo, onse anavutikira pamodzi, wa kapenta, wa bwato la alendo, ndi mayi woumitsa nsomba ku Chicoa.

Tete ndiye anayamba kuyesa njira yabwino m'dziko muno. Mu 1994 ku Bawa, pafupi ndi Zumbo, kunayamba Tchuma Tchato, kunena kuti chuma chathu, kuti gawo la ndalama za alenje olipira lizibwerera kwa eni dera. Pambuyo pake lamulo la 2002 linati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama izipita kumidzi. Ganizo lake ndi lokoma. Koma kuti mudzi ulandire pamafunika komiti yolembetsedwa, akaunti ya kubanki, anthu okhala ndi ziphaso, ndipo banki ili ulendo wa tsiku lathunthu. Ndalama imachedwa, ikafika imagula chigayo kapena kukonza mjigo. Njovu yokha sichedwa. Imalowa m'munda usiku umodzi, mapira a chaka chonse n'kutha, ndipo mwini munda akauzidwa kuti njovuyo ndi chuma chake amangoyang'ana pansi. Munthu wotere ukamupeza watchera msampha, usadabwe.

Za gule ndinenepo mwachidule, chifukwa ndikudziwa kuti wina adzakuuzani kuti muziitanitsa zilombo kuti zizivinira alendo pabwalo la nyumba yanu. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake, pamaliro, pachiliza, pachinamwali, polonga ufumu. Akayamba kutuluka chifukwa galimoto yaima, ndalama n'kulowa m'thumba la mwini nyumba ya alendo, mudzadana ndi mudzi wonse. Ngati mlendo akufuna kuona, mukagwade kwa amfumu, iwo anene tsiku ndi chimene chiperekedwe, ndiponso chimene sichijambulidwa.

Tibwere kwa inu tsopano. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndani amasowa pogona ku Dómuè ndi ku Ulónguè lero? Ogula mbatata ya kachewere, nyemba ndi chimanga ochokera ku Tete, ku Beira ngakhale ku Malawi, amene nthawi yokolola amagona pamatumba awo kapena m'galimoto. Alangizi a fodya. Aphunzitsi ndi anamwino obwera kumaphunziro. Anthu a mpingo pamisonkhano. Abale obwera kuukwati ndi kumaliro amene nyumba yawachepera. Anthu a mumzinda wa Tete othawa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, amenewa ndiye odzaona malo anu enieni, ndipo amalankhula chinenero chimene mumamva. Kumapeto kwa Ogasiti kulinso a ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Onsewa sabwera ndi kamera, koma amalipira, ndipo mlatho ukagwa kapena ndege zikaima iwo amabwerabe.

Choncho ine ndikanakhala inu sindikanamanga zisanu ndi chimodzi. Ndikanamanga ziwiri, zolimba, ndalama yotsala n'kuika pamadzi. Mlendo amakhululukira khoma losapaka penti, koma chimbudzi chonunkha sachiiwala. Kwanuko kumazizira, ndiye bulangete lochindikala ndi ndowa ya madzi otentha m'mawa zidzakutchukitsani kuposa chikwangwani. Pakhale malo otchingidwa oimikapo galimoto yodzaza katundu, chifukwa wogula mbatata sagona tulo katundu wake ali pamsewu. Muzilandira M-Pesa ndi e-Mola, ndipo wa makwacha musamubweze. Alvará, chiphaso chochitira bizinesi, mukatenge musanatsegule, kuopa kuti refresco uja angakupezeni pakhomo panu pomwe. Nkhuku, mazira ndi ndiwo zamasamba muzigula kwa anansi, kuti nawonso aziona kuti nyumbayo ndi yawo. Akuba amavutika kulowa pamene anansi akudyapo.

Wa chikwama kumsana uja musamutaye, kungoti asakhale nsanamira ya nyumba. Tsidya la malire, ku Dedza, kuli zojambula zakale za pamiyala za Chongoni, zomwe zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo alendo amafikako. Kuchokera pamenepo kudzera pa chipata cha Calómuè si patali. Mnyamata mmodzi wa m'mudzi mwanu wodziwa njira za m'phiri, wolankhula Chipwitikizi ndi kachingerezi pang'ono, wokhala ndi WhatsApp ndi zithunzi zabwino, akhoza kukoka awiri atatu pa chaka. Akabwera, ndi ndiwo zoonjezera.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, gulani kope. Mwezi wathunthu, makamaka wokolola, tumani mwana wanu wamkulu pamsika ndi pamene chapa, minibasi ija, imaima madzulo aliwonse, azifunsa obwera kuti agona kuti, alipira mametikali angati, chimene sichinawasangalatse n'chiyani. Mupitenso nokha kukagona usiku umodzi pa pensão, nyumba yogona alendo, ya ku Ulónguè, muone madzi, muone zofunda, mumve phokoso. Mwezi ukatha mundilembere zimene zili m'kopemo, tidzawerengere limodzi ngati chipinda chachitatu chikufunika.