Funsani Azakhali: Ana atsekera sukulu, ine mutu sukundipatsa mtendere

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni. Ndimagwira ntchito pashopu ina ya nsalu ku Limbe kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndimanyamuka 6 koloko m'mawa, maminibasi awiri, kubwerera kutada. Ana atsekera sukulu ndipo akhala pakhomo mwezi wonse wa Ogasiti. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 14, wachiwiri mnyamata wa zaka 11, wotsiriza ali ndi zaka 4. Apongozinso atumiza ana awiri a alamu anga kuchokera ku Thyolo kudzachezera tchuthi konkuno. Ufa wa mwezi ukutha m'masabata awiri. Ndikafika madzulo ndimapeza mbale zili mbwee, wamng'ono sanasambe. Bambo a kunyumba amaweruka 5 koloko koma amatulukira 9 koloko, akuti pakhomo pachuluka phokoso. Mutu ukundiwawa tsiku ndi tsiku, tulo sitibwera, ndipo dzana ndinamenya mwana chifukwa cha kapu chabe mpaka ndinalira ndekha kuchipinda. Anzanga akuti nditenge kamtsikana kumudzi kadzandithandize. Nditani?

Mayi wotopa, Chilomoni

Mayi, ndiyambe ndi mutuwo, chifukwa ndi umene wandidetsa nkhawa. Sabata ino musanagule ndiwo, pitani kuchipatala chaching'ono kapena kufamase akakuyezeni BP. Sizitenga mphindi zisanu. Mwina ndi kutopa chabe, koma BP yokwera nthawi zambiri imayenda mwakachetechete. Akakuuzani kuti yafika 140/90 kapena kupitirira, bwererani tsiku lina akayezenso, ndipo mumvere zimene adokotala anene. Ine ndinalera ana anayi ndikuphunzitsa kupulayimale ku Zomba, ndipo chaka china m'tchuthi chonga chino ndinachita chizungulire ndikupeta ufa mpaka lichero pansi. Ndinkameza Panado mwezi wathunthu ndikumati zitha zokha.

Tsono za kamtsikana ka kumudzi ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Koma ngakhale lamulo likanapanda kunena, taganizani: mwana wa eni ake adzikolopa 5 koloko m'mawa, wanu wa msinkhu womwewo ali m'bulangete? Ndinaona ana ambiri otere ali mkalasi mwanga. Amabwera ponena kuti ndi za tchuthi chokha, Seputembala ikafika sukulu yatsegulira iwo adakali kuchapa matewera m'tauni. Ngati ndalama ilipo, pezani mayi wamkulu wa m'dera lanu momwemo adzichapa kawiri pasabata, mumulipire ganyu yake bwinobwino.

Komatu anthu ogwira ntchito muli nawo kale m'nyumbamo. Ndawerenga asanu, kuchotsapo kamwana kaja atsala anayi. Chimene ndikuona m'kalata mwanu n'chakuti onsewa mukuwasunga ngati alendo. Lamlungu likubwerali akhazikeni pansi, mutenge pepala mulembe ntchito ndi dzina la mwini wake, mulimate pachitseko cha kukhitchini. Uyu atsuke mbale za m'mawa, uyu asese ndi kutunga madzi, uyu asambitse wamng'ono dzuwa likatentha. Mnyamata wa zaka 11 angathe kusankha nyemba, kusonkha mbaula, ngakhale kuphika phala. Musaunjike zonse pa mtsikana chifukwa choti ndi wamkazi. Nayenso ali patchuthi, ndipo akazindikira kuti ndi iye yekha wogwira ntchito adzayamba kuthawa pakhomo. Ana a alamu anu alembeninso papepalapo. Kwawo ku Thyolo amagwira ntchito zoposa izi, ndipo mwana amene wapatsidwa ntchito amamva kuti ndi wa pakhomopo.

Nsima yawo idzakhala ya mibulu masiku oyamba. Idyeni choncho osadandaula. Apa ndi pamene ife amayi timalakwitsa: mwana akatsuka mbale timabwerezanso pamaso pake, mawa lake iye amati nanga ndivutikirenji.

Pali zinthu ziwiri zokha zimene muyenera kuumirira osanyengerera. Mbaula isalowe m'nyumba yotseka mazenera, ngakhale m'mawa kuzizire chotani, chifukwa utsi wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Ndipo pakhale munthu wamkulu mmodzi woyandikana naye amene akudziwa kuti ana ali okha, wosuzumira masana. Mwana wanu wamkazi adziwe kuti munthu wamwamuna salowa m'nyumba inu kulibe, kaya ndi wodziwika. Mulembereninso nambala ya 116, yaulere, imene ana amaimba akakumana ndi nkhanza.

Za ufa musachite nazo manyazi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame amenewa akudya katatu patsiku. Ogasiti anthu akolola kale. Bambo a kunyumba aimbe foni kwawo apemphe thumba la chimanga, nandolo kapena nthochi zikwere basi. Aimbe iwowo, osati inu, poti ndi abale awo.

Bambowo ndiye nkhani yaikulu. Kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko ndi maola anayi, ndipo maola amenewo ndi amene inu mukuwasowa. Musawalankhule akangolowa usiku, mtima uli m'mwamba, zimathera m'kukangana. Sankhani nthawi yoti ana kulibe, muwauze zomwe mwandiuza inezi, za mutu ndi za kapu zomwe. Kenako pemphani chinthu chogwirika. Kunena kuti "muzindithandiza" kumangodutsa m'khutu. Nenani kuti Lachiwiri ndi Lachinayi afike 6 koloko aone kuti ana adya, ndipo Loweruka limodzi awatenge onse asanu apite nawo kumyuziyamu ya ku Chichiri akaone sitima zakale zija. Phokoso limene akulithawalo ndi la ana awo ndi ana a abale awo. Akakana kumva, ankhoswe alipo chifukwa cha zinthu ngati zimenezi, musadikire kuti mpaka pachitike ndewu.

Kuntchito nako muli ndi ufulu umene mwina simukuugwiritsa ntchito. Lamulo lomwe lija limati wogwira ntchito masiku 6 pasabata apatsidwe masiku osachepera 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, ndipo wa masiku 5 apatsidwe 15. Kodi chaka chino mwatengapo angati? Kambiranani ndi abwana anu mwaulemu. Ngati sangakumasuleni sabata yathunthu, pemphani Lachitatu lililonse mpaka sukulu zitsegulire. Akanena kuti pashopu palibe za tchuthi, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Tsiku limenelo mukalipeza musalithere pa kuchapa mabulangete. M'mawa khalani ndi ana, masana mugone.

Mwana munam'menyayo mumuitane pambali mumupepese. Muuzeni kuti kapu sinali nkhani, amayi anatopa. Ambiri a msinkhu wanga sangagwirizane nane, amati kholo silipepesa mwana, koma ine ndinapepesapo anga ndipo ulemu sunachepe. Mukamva kuti mkwiyo wafika pakhosi, tulukani panja muzungulire nyumba kaye musanatsegule pakamwa.

Lamlungu mukabwera kutchalitchi ndi kudya, tsekani chitseko cha kuchipinda kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, foni muisiye pabalaza, ana auzidwiretu kuti wogogoda akhale woti nyumba ikupsa. Mukakayezetsa BP ija mundilemberenso, mundiuze manambala amene apeza.

Azakhali