Aqua yochokera ku Japan: musalole kuti adule mawaya musanadziwe ntchito yake

Achemwali, mwafunsa za Toyota Aqua ya 2016 yomwe mwangoilandira kuchokera ku Japan. Mwati sikirini yonse ndi Chijapani chokhachokha, mukangoiliza mumamveka mawu a mzimayi, wailesi ikugwira masiteshoni awiri okha, injini ikumazima yokha pa maloboti, ndipo wina wakulangizani kuti mupite nayo akachotse "zamakompyuta zonsezo" kuti ikhale galimoto wamba. Chonde musapite nayo. Pa zonse mwatchulazi palibe ngakhale chimodzi chosonyeza kuti galimoto ili ndi vuto, ndipo zimandipweteka kuona galimoto yabwinobwino ikuonongedwa ndi pulayala chifukwa choti mwini wake sanapeze womufotokozera.

Zomwe zikukusokonezanizi zili pawiri. Zina anaziikamo chifukwa galimotoyo inkayenda m'misewu ya ku Japan, ndipo kuno zilibe ntchito. Zina ndi za galimoto yeniyeniyo, ndipo izi muziphunzire, osazithimitsa.

Tiyambe ndi mzimayi uja. Yang'anani pansi pa chiwongolero chakumanja, kapena m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, mupeza kachipangizo kakang'ono kolembedwa ETC kokhala ndi kampata kolowetsa khadi. Ku Japan amalipirira nako misewu ikuluikulu osaima pachipata, ndipo njirayi inayamba kumeneko mu 2001. Mawu mukumvawo akungonena kuti khadi mulibe. Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke kachipangizoka sikakuthandizani, mudzaima n'kulipira ngati wina aliyense. Ngati mawuwo akukusowetsani mtendere, wa zamagetsi angozula pulagi yake kumbuyo, basi, galimoto siisintha kanthu.

Wailesi nayo siinaonongeke. FM ya ku Japan imayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, mawailesi ena atsopanoko amafika pa 95, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye mukungogwira ochepa omwe ali kumunsi kwenikweniko. Pali kachipangizo kotchipa kotchedwa band expander komwe amalumikiza pa waya wa eriyo, kamatsitsa manambala kuti wailesi iwafikire. Mukaika, dziwani kuti nambala ya pasikirini siidzafanana ndi yomwe muulutsi amatchula: ngati kanu kakutsitsa ndi 18, siteshoni ya pa 100 muipeza pa 82. TV ya m'menemo iiwaleni, njira youlutsira ya ku Japan ndi ina. Mapu ndi a ku Japan. Wotchi ya pasikirini imatenga nthawi ya kumeneko, yomwe ili patsogolo pathu ndi maola 7, moti kuno ikamakwana 12 koloko masana iyo imaonetsa 19:00.

Pa sikirini yomweyi pali msampha umodzi womwe wagwetsa anthu ambiri. Mawailesi ambiri a Toyota, amene nambala yawo imayamba ndi NSZT kapena NSCP (yalembedwa pakona ya sikirini), amadalira kamemori khadi ka mapu kuti ayake, ndipo ena mwini wake woyamba anaikamo nambala yachinsinsi. Tsiku lomwe batire lidzachotsedwe, wailesi ikhoza kudzuka ikufuna khadilo kapena nambalayo, n'kukana chilichonse, ngakhale kamera yobwerera m'mbuyo. Choncho lero lomwe tsegulani sikiriniyo muone ngati khadi lilimo, ndipo musalole otsuka galimoto kapena ana kulizula poganiza kuti ndi la nyimbo. Zolembedwa za Chijapanizo, tsegulani Google Translate pafoni, dinani chizindikiro cha kamera n'kulozetsa pasikirini. Kulumikiza Bluetooth ndi kusintha kamvekedwe ka mawu mutha kuchita nokha mwa njira imeneyi mutaima pakhomo. Mukadzatopa nayo n'kufuna kuika ya Android, zili bwino, koma uzani woikayo kuti agwiritse ntchito mapulagi ogwirizana ndi Toyota, asasende mawaya n'kumanga ndi tepi, ndipo musanamulipire yesani kamera ndi mabatani a pachiwongolero.

Tsopano za galimoto yeniyeni, zomwe ndikufuna mumvetse bwino.

Aqua ndi hybrid. Ili ndi injini ya petulo ya malita 1.5 komanso mota yamagetsi, ndipo kompyuta ndiyo imasankha kuti chigwire ntchito n'chiti. Mukaponda buleki n'kudina batani la POWER giya ili pa P, padashibodi pamayaka mawu obiriwira akuti READY. Mawu amenewo ndiwo akukuuzani kuti galimoto yalira, kaya injini ikumveka kaya ili zii. Pa maloboti injini imazima dala kuti isamwe mafuta pachabe, ndipo mukachotsa phazi pa buleki galimoto imanyamuka ndi magetsi, injini n'kudzidzutsa yokha. Wofuna kuchotsa zimenezi akufuna kuchotsa chinthu chomwe mwaigulira. Ndipo sangathe n'komwe, chifukwa galimoto imeneyi ilibe sitata ngati ya magalimoto ena, ilibe olitaneta, ilibenso lamba wa fani. Makaniko akadzakuuzani kuti olitaneta ya Aqua yanu yapsa, tengani makiyi anu muzipita.

Kukhala chete kwakeku kuli ndi ngozi yake. Munthu amafika pakhomo, injini ili zii, n'kutsika poganiza kuti wathimitsa, pamene READY akadali chiyakire. Nthawi zonse ikani pa P, kokani handibuleki, dinani POWER, muone kuti dashibodi yada. M'galaja yotseka izi n'zofunika kwambiri, chifukwa injini ikhoza kudzuka yokha usiku n'kudzaza utsi.

Mukadina POWER osaponda buleki, kamodzi mumayatsa wailesi yokha, kawiri mumayatsa dashibodi yonse koma galimoto siinalire. Apa ndi pomwe anthu amaphera batire pa mzere wa mafuta. Mwakhala pamzere kuyambira m'mawa, wailesi ikulira, foni ili pa chaja, mukuganiza kuti mukusunga petulo. Zonsezo zikudya batire laling'ono la mavoti 12, lomwe mu Aqua ndi laling'onodi. Likatha, galimoto siipita pa READY ngakhale batire lalikulu loyendetsa mota yamagetsi ija litadzaza, ndipo kukankha sikuthandiza, hybrid siilira ndi kukankha. Ngati mukufuna wailesi kapena mphepo, khalani pa READY giya ili pa P. Injini izidzuka kwa kanthawi n'kuzimanso, ndipo mafuta omwe imamwa potero ndi ochepa. Komanso musayese kuyenda ndi magetsi okha petulo atatheratu kuti mukafike pamalo ena omwetsera mafuta. Mukalikama batire lalikulu mpaka pansi, silidzathanso kudzutsa injini ngakhale mutathira mafuta, ndipo kulidzutsa kumafuna zipangizo zomwe magalaja ambiri alibe. Wina akakupemphani kuti mumujampire galimoto yake ndi Aqua yanu, mukaneni mwaulemu, magetsi ake sanapangidwire zimenezo.

Pa giya pali P, R, N, D ndi B. Madalaivala ambiri kwathu kuno anazolowera kuika pa N pamtsetse kuti asunge mafuta. Pa hybrid chizolowezi chimenechi n'cholakwika kawiri: pa N batire lalikulu silitchajidwa, pamene pa D galimoto ikamatsika imasandutsa liwirolo kukhala magetsi, injini itazima kale. B ndi wa mitsetse italiitali ngati ya Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ya ku Chiweta, kapena potsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Amagwira galimoto ndi injini kuti mabuleki asatenthe. Mudzamva injini ikubangula, musaope, ndiyo ntchito yake. Mukafika pansi bwererani pa D. Kuyenda pa B m'tauni poganiza kuti mukudzaza batire n'kungotaya mafuta.

Mabatani a ECO ndi EV musavutike nawo kwambiri. ECO amafewetsa kanyamukidwe ndi kuchepetsa mphamvu ya choziziritsa mpweya, ndiye mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima mukaona kuti simukuzizira, yambani mwamuthimitsa ameneyu musanapite kukathiritsa gasi. EV amayendetsa ndi magetsi okha kamtunda kochepa pa liwiro lotsika, monga potuluka pakhomo mbandakucha anthu akugona. Akakana n'kulira kuti pi-pi-pi, ndiye kuti batire latsika kapena injini ikadali yozizira. Ndatchula za gasi, ndiye ndinenerepo: kompuresa ya Aqua imayenda ndi magetsi amphamvu ndipo imafuna oyilo wakewake wotchedwa ND-11. Wothira gasi wam'mbali mwa msewu akasakaniza ndi oyilo wa magalimoto wamba, mudzaona nyali ya hybrid ikuyaka. Funsani musanamulole kulumikiza mapaipi ake.

Pali chinthu china chopanda batani chomwe ndimaona kuti n'chofunika kuposa zonsezi. Batire lalikulu, la mavoti 144, lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani komwe kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Gwadani pachitseko chakumbuyo muyang'ane m'munsi mwa mpando, pomwe zidendene za wokhalapo zimagunda, muona timipata ngati ta sipika. Pamenepo ndi pamphuno pa batire. Thumba la ufa, chitenje, jumbo kapena nsalu zokutira mipando zikatsekapo, batire limatentha, ndipo kutentha ndi komwe kumalikalambitsa msanga. Fumbi la misewu yathu ndi tsitsi zimaunjikana pamenepo mpaka kupanga chikhakha chotuwa chomwe mutha kuchisenda ndi chala. Muzipukutapo kawirikawiri, ndipo popita ku sevisi muziwauza kuti atsukenso fani. Mukamva fani ikulira kwambiri kumbuyoko, ndiye kuti batire likupempha mpweya. Otsuka galimoto asathire madzi pansi pa mpando umenewo, ndipo nthawi ya dzinja musamadule nayo madzi osefukira, galimotoyi ndi yotsika, pansi pake pali masentimita 14 okha. Mawaya onse okutidwa ndi mtundu wa olenji, kulikonse mungawaone, ndi a magetsi oti akhoza kupha munthu. Asawagwire aliyense amene sanaphunzire za hybrid.

Popeza yanu ndi ya 2016, yang'anani pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera m'mbuyo. Mukaona kabokosi kokhala ndi maso, ndiye kuti ili ndi Toyota Safety Sense C, yomwe inayamba kuikidwa mu Aqua kumapeto kwa 2015. Imalira ndi kuponda buleki yokha ikaona kuti mukukagunda galimoto ya kutsogolo, imachenjeza mukamatuluka mu mzere wa msewu pa liwiro lopitirira makilomita 50, komanso imatha kukweza ndi kutsitsa nyali usiku. Musamate pepala la inshuwalansi kapena la COF patsogolo pa maso amenewo, ndipo oika tinti asadutsitsepo kansalu kakuda kaja ka pamwamba. Galasi likadzasweka n'kusinthidwa, kamerayo imafunika kuikonzanso ndi kompyuta kuti iziona molunjika. Koma ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: ya chaka chimenechi inapangidwa kuti iziona magalimoto. Mwana wodumpha msewu, wakabaza, mbuzi, musayembekeze kuti iwaona. Zotsitsa nyali zokhazo nazonso zimadalira kuwala kwa galimoto inayo, ndiye m'misewu ya kumudzi momwe muli anthu apansi ndi njinga zopanda nyali, muzitsitsa nokha ndi dzanja.

Timaphokoso tina musadabwe nato. Mukatsegula chitseko cha dalaivala m'mawa mumamva kamota kakulira kutsogolo, ndi pampu ya mabuleki ikudzaza mphamvu. Mukamayenda pang'onopang'ono ndi magetsi pamamveka kakulira kachilendo panja, anaikako dala kuti oyenda pansi adziwe kuti kukubwera galimoto. Kanyali ka galimoto yokhala ndi mizere yokhotakhota kumbuyo kakamaphethira m'matope kapena pamchenga, ndiye kuti kompyuta ikuletsa matayala kuterereka, ndipo mudzamva mphamvu ikuchepa ngakhale mukuponda moto. Pondani modekha, musalimbane nayo.

Nyali za padashibodi muziziwerenga ndi mtundu wake. Zobiriwira ndi zabuluu zikungokuuzani chomwe chayaka. Yachikasu ikakhala chiyakire, pitani mukapimitse masiku omwewo. Yofiira ikakhala chiyakire, imani pamalo abwino. Ndipo pagalaja, asanasinthe kanthu, ayambe alumikiza kompyuta pa pulagi yomwe ili pansi pa chiwongolero, akuonetseni nambala ya vuto, muijambule pafoni. Amene amangochotsa mutu wa batire kuti nyali izime sanakonze kanthu, wangofufuta umboni, ndipo mwina wakutsekerani wailesi ija. Batire likachotsedwa, zenera la dalaivala nthawi zina limasiya kukwera lokha. Likwezeni mpaka pamwamba n'kugwirabe batani kwa masekondi angapo, limakumbukiranso.

Kiyi wanu ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kakafooka zitseko zimayamba kuchedwa kutseguka. Kakatheratu, m'mbali mwa kiyi muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko, ndipo mukalowa pondani buleki, gunditsani mbali ya chizindikiro cha Toyota pa batani la POWER, mukamva kulira dinani. Nambala ya kabatireko yalembedwa pa iko komwe, tsegulani muwerenge musanakagule. Ngati mwalandira kiyi mmodzi yekha, pangitsani wachiwiri pano pomwe woyambayo alipo, chifukwa onse akasowa mtengo wake umakwera kwambiri.

Buku la galimotoyi lomwe mwalipeza m'kabokosi ndi la Chijapani, koma Aqua yomweyi inkagulitsidwa ku America ndi ku Australia ndi dzina lakuti Prius c. Sakani buku la Prius c la chaka cha 2016 pa intaneti, mabatani ndi nyali zambiri n'zofanana, kungoti la ku America chiwongolero chili kumanzere. Jambulani nambala ya pakona ya sikirini ndi mabatani omwe ali kumanja kwa chiwongolero muike pano, ndikuuzani lililonse ntchito yake komanso ngati wailesi yanu ili m'gulu la zofuna khadi zija.