Chilango cha Ottawa Senators: ndani angachite apilo, ndipo angapite kuti?

Bambo, mwafunsa za timu ya Ottawa Senators ya ku Canada, imene imasewera hockey ya pa ayezi mu ligi ya NHL. Mukufuna kudziwa chifukwa chake mwini watsopano, Michael Andlauer, anasenzetsedwa chilango cha cholakwa chimene chinachitika iye asanagule timuyo, ngati manijala wamkulu Pierre Dorion akanatha kukasuma atachoka pa udindo, komanso ngati wosewera Shane Pinto, amene analetsedwa masewero 41, anali ndi kokadandaula. Onse atatu zinawagwera m'sabata imodzi, koma ufulu wa aliyense unalembedwa m'chikalata chosiyana, ndipo chikalatacho ndi chimene chimalamula khomo limene munthu angagogode.

Mlandu wa timuyo unayamba mu Julaye 2021, pamene Ottawa inagulitsa wosewera Evgenii Dadonov ku Vegas Golden Knights. Kontrakiti ya Dadonov inkamulola kupereka mndandanda wa matimu 10 amene sangagulitsidweko popanda chilolezo chake. Ottawa sinadziwitse Vegas kuti mndandandawo ulipo ndipo ukugwira ntchito. Mu Malichi 2022 Vegas inamugulitsa ku Anaheim Ducks, imene inali pamndandandawo, ndipo ligi inafafaniza malondawo patangopita masiku awiri, nthawi yogulitsana osewera ya chaka chimenecho itatha kale. Pa 1 Novembala 2023 NHL inalengeza kuti Ottawa ilandidwe mwayi wake wosankha wosewera wachinyamata m'gawo loyamba la draft (mwambo wa pachaka umene matimu amasankhira osewera atsopano) ya 2024, 2025 kapena 2026. Andlauer anali atamaliza kugula timuyo mu Sepitembala chaka chomwecho kuchokera ku banja la malemu Eugene Melnyk.

Mwalamulo, wolangidwa ndi kalabu, chifukwa kalabuyo ndiyo membala wa ligi. Mwini akasintha, umembala suyambira pachabe. Ngongole, makontrakiti ndi milandu imene ili pakafukufuku zimatsalira pa kalabuyo, monga mmene wogula munda amaugulira limodzi ndi mkangano wa malire ake. Ndipo polowa mu ligi, mwini aliyense amavomera malamulo oyendetsera NHL, amene amapatsa komishonala, Gary Bettman, mphamvu yofufuza, kulipiritsa chindapusa ndi kulanda mwayi wa draft. Makhothi a ku Canada ndi ku United States sakonda kulowerera zigamulo za bungwe limene anthu analowamo mwakufuna kwawo, pokhapokha bungwelo litaphwanya malamulo ake omwe kapena litachita mwachinyengo. Kungonena kuti chilango chakula sikokwanira.

Kumene wogula amadziteteza ndi pa mgwirizano wogulira. Loya wosamala amaikamo ndime yoti wogulitsa atsimikize kuti waulula kafukufuku aliyense amene ali mkati, ndime yoti wogulitsa adzabweza ndalama ngati chilango chitatuluka pa zimene zinachitika kale, ndiponso gawo la mtengo limene limasungidwa kwa munthu wachitatu kwa nthawi yoikika. Zinthu zimakonda kusokonekera pa mfundo imodzi: wogulitsa amatchula kafukufukuyo koma amamupeputsa, wogula amasaina, ndipo chilango chikadzabwera wogulitsa amati munadziwa. Chimene chaululidwa nthawi zambiri chimachotsedwa pa chitsimikizo cha wogulitsa, choncho pamafunika ndime yapadera yotchula mlanduwo ndi dzina lake. Vuto lina ndi kuwerengera mtengo wa chotayikacho. Mwayi wa draft si ndalama, ndipo ngati mgwirizano sunanene kawerengedwe kake, mbali ziwirizo zidzakangana kwa zaka.

Njira imene inagwirapo ntchito ndi kupempha komishonala yemweyo kuti aunikenso. Mu 2010 New Jersey Devils inalipitsidwa madola 3 miliyoni ndi kulandidwa mwayi uwiri wa draft chifukwa cha kontrakiti ya wosewera Ilya Kovalchuk. Mu 2014, timuyo ili ndi eni atsopano, ligi inachepetsa chindapusacho ndi theka ndipo inawalola kusankha m'gawo loyamba la draft, pa nambala 30. Uku kunali kukoma mtima kwa komishonala, osati ufulu umene kalabu ingaukakamize.

Za a Dorion, dziwani kuti manijala wamkulu sali m'bungwe la osewera. Chimene chimamuteteza ndi kontrakiti yake ndi lamulo la ntchito la m'chigawo cha Ontario. Bwana akafuna kumuchotsa popanda kumulipira, ayenera kusonyeza chifukwa chomveka, ndipo Khothi Lalikulu la Canada, pa mlandu wa McKinley ndi BC Tel mu 2001, linanena kuti chilango chiyenera kufanana ndi kukula kwa cholakwa. Kulakwitsa kumodzi pa ntchito, ngakhale kodula, sikumangokhala chifukwa chotere. Ngati palibe chifukwa chomveka, ndipo kontrakiti ndi ya zaka zoikika yopanda ndime yoithetsera msanga, khothi la apilo la Ontario pa mlandu wa Howard ndi Benson Group mu 2016 linagamula kuti wantchito alipidwe nthawi yonse yotsalayo. N'chifukwa chake matimu ambiri amangomuchotsa munthu pa mpando n'kupitiriza kumulipira, kapena kugwirizana naye zosiyana mwamtendere. A Dorion anachoka tsiku lomwelo la chilango, Steve Staios n'kugwirizira udindowo. Munthu amene ali pamalo otere asafulumire kusaina kalata yotula pansi udindo kapena yokhululukira bwana wake asanaonetse loya, chifukwa siginecha imeneyo imatseka mlandu. Awerengenso ndime yothetsera mikangano: malamulo a NHL amapatsa komishonala mphamvu yoweruza mikangano ya pakati pa kalabu ndi antchito ake, zimene zingachititse kuti khothi likane kumva nkhaniyo. Ngati khomo la khothi lili lotseguka, ku Ontario nthawi yosumira ndi zaka 2.

Wosewera ndiye ali ndi chitetezo cholembedwa bwino kuposa onse, chifukwa cha pangano la pakati pa ligi ndi bungwe la osewera la NHLPA. M'pangano la 2013, limene linkagwira ntchito pa nthawi ya nkhaniyi, zolakwa za m'bwalo zili m'gawo 18, zakunja kwa bwalo m'gawo 18-A, ndipo kusokoneza ziwirizi n'kumene kumasocheretsa anthu ambiri.

Pa zolakwa za m'bwalo, ngati chiletso chingakhale cha masewero 5 kapena kucheperapo, mlandu umamvedwa pa foni. Ngati chingafike 6 kapena kuposa, wosewera ali ndi ufulu wokaonekera pamaso. Chigamulo chikatuluka, bungwe lake lili ndi maola 48 okha olembera apilo kwa komishonala. Komishonala akasiya chiletso cha masewero 6 kapena kuposa, pali masiku 7 opititsira nkhaniyo kwa mkhalapakati wosakondera mbali. Chiletso chochepera apo chimathera pa komishonala. Chowawa n'chakuti wosewera amakhalabe panja apilo ili mkati. Dennis Wideman wa Calgary Flames analetsedwa masewero 20 mu 2016 atagunda woyimbira, ndipo pamene mkhalapakati James Oldham anatsitsa chiletsocho kufika pa 10, iye anali ataphonya kale 19. Tom Wilson wa Washington Capitals mu 2018 anatsitsiridwa kuchoka pa 20 kufika pa 14 ataphonya 16. Malipiro amabwezedwa, masewero sabwerera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene dongosololi limalakwira osewera, ndipo loya wa wosewera ayenera kukakamira masiku a zokambirana kuyambira tsiku loyamba. Pa nkhani ya Wideman ligi inakasuma ku khothi la boma la United States ku New York kuti chigamulo cha Oldham chifafanizidwe, koma mu 2017 khothi linakana. Makhothi salowa m'chigamulo cha mkhalapakati malinga ngati iye anatanthauzira panganolo osapyola mphamvu zake, ndipo lamulo limenelo limamanga ligi monga limangira wosewera.

Mlandu wa Pinto unali wakunja kwa bwalo. Pa 26 Okutobala 2023 ligi inamuletsa masewero 41, theka la masewero 82 a chaka chimenecho, pa zokhudza kubetcha, koma inanena yokha kuti sinapeze umboni woti anabetcha pa masewero a NHL. Gawo 18-A limalola komishonala kuletsa, kulipiritsa, kuthetsa kontrakiti ngakhale kuchotsa wosewera mu ligi, ndipo apilo imapita kwa mkhalapakati. Njirayi inathandizapo: mu 2018 mkhalapakati Shyam Das anatsitsa chiletso cha wosewera Austin Watson kuchoka pa masewero 27 kufika pa 18. Pinto sanaigwiritse ntchito chifukwa chilango chake chinali chogwirizana pakati pa iye, bungwe lake ndi ligi, ndipo wovomera chilango amasiya apilo. Chimene anapindula chikuoneka pa kawerengedwe: pa nthawiyo analibe kontrakiti, koma masewero 41 anayamba kuwerengedwa kuchokera pa sewero loyamba la chakacho, osadikira tsiku losaina. Anasaina kontrakiti ya chaka chimodzi n'kubwerera m'bwalo mu Januwale 2024.