Mwana watha msinkhu, bambo ake asiya kumukumbatira

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ulongué m'boma la Angónia. Amuna anga amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kunyumba amabwera kumapeto kwa mwezi. Mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka 14, ankati akangoona shapa (minibasi) yaima pamsewu amathamanga kukawakumbatira n'kuwalandira chikwama. Chaka chatha anatha msinkhu, anankungwi anamulanga, ndipo amayi anga anandituma kuti ndiwauze akamwini awo kuti mwana wakula, asamamukhudzenso. Ulendo wotsatira mwana anathamanga mwa masiku onse, koma iwo anabwerera m'mbuyo n'kungomupatsira chikwama. Analowa m'nyumba akulira, usiku n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi ababa ndawalakwira chiyani?" Pano akabwera amangowagwadira, moni, basi wapita kukhitchini. Ndimvere amayi anga kapena ndimvere misozi ya mwana?

Mayi wodandaula, Ulongué

Mayi mnzanga,

Funso la mwana wanulo landikhudza kwambiri. Akuluakulu munagwirizana zinthu zokhudza iyeyo, koma palibe anamukhazika pansi kumufotokozera. Iye anangoona kuti thupi lake litasintha, bambo ake anamutalikira. Mtsikana wa msinkhu umenewu amakhala kale ndi manyazi ndi mabere amene akumera ndi msambo umene wangouyamba, ndiye n'zosavuta kuganiza kuti kukula n'kulakwa.

Agogo ake sanalankhule zopanda mutu. Makolo athu anaika malire pa chifukwa: namwali salowa kuchipinda kwa makolo, amagona kwayekha kapena kwa agogo, bambo salowa kumene mwana akusamba kapena kuvala, ndipo zokhala pamiyendo pa bambo zimatha. Zimenezi zisungeni, zimateteza mwana, zimatetezanso ulemu wa bambo. Koma kumbukirani kuti kumudzi namwali sankasowa omugwira dzanja. Panali agogo, amayi aang'ono, azakhali, onse pamkeka umodzi. Wanuyu bambo ake amawaona masiku owerengeka pamwezi, ndipo kukumbatirana kwa pamsewu kuja ndi kumene kunkamuuza kuti sanamuiwale. Mwachichotsa osaikapo china.

Komanso mwanayu akukulira pakati pa makhalidwe awiri. Mumzinda wa Tete anthu amapatsana moni popsompsonana m'masaya monga anasiyira Apwitikizi, pomwe m'midzi ya ku Domwe mwana amagwada n'kuomba m'manja. Zonsezi amaziona, kusukulu ndi pafoni. Musayese chikondi cha pakhomo panu ndi za anthu ena.

Yambani ndi amuna anu, muli awiri. Ndikukhulupirira kuti iwonso zikuwapweteka, kungoti akuopa apongozi ndi pakamwa pa anthu. Tikudziwa mmene mwamuna wopeza bwino amanenedwera kuti anakhwimira mwana wake, ndipo abambo ambiri abwino amasanduka ouma mtima pothawa mbiri yotereyi. Auzeni mawu enieni amene mwana ananena usiku uja. Kenako iwo eni amuitane pakhonde, inu muli pomwepo, amuuze kuti, "Sunalakwe kanthu mwana wanga. Wakula, ndiye zina tisintha pokulemekeza, koma ndiwe mwana wanga yemwe uja." Mawu amenewa asadzere mwa inu ayi.

Nanga kukhudzana? Palibe choipa bambo kugwira mwana wake paphewa, kumupatsa moni wa manja awiri, ngakhale kumukumbatira cham'mbali pofika paulendo, masana, anthu akuona. Chachikulu n'choti mwana ndiye azitsogolera. Akabwera yekha, alandiridwe. Akaumitsa thupi kapena kubwerera m'mbuyo, asiyidwe popanda kumunyogodola. Anyamatanso n'chimodzimodzi, ambiri akafika zaka zimenezi safuna kugwidwa ndi amayi awo anzawo akuona, ndipo si mwano.

Inunso muli ndi gawo lalikulu, mwina kuposa bambo. Mulukeni tsitsi nokha m'malo momutumiza kwa oluka, mutu wake utsamire pamaondo panu. Khalani naye moyandikana posenda mbatatesi kapena potongola chimanga, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July fundani naye chitenje chimodzi pamoto. Ana amamasuka kulankhula manja ali pantchito. Ndikunena izi chifukwa mtsikana wosowa chikondi pakhomo amamvera msanga mwamuna woyamba amene angamuuze mawu okoma kumsika, ndipo mapeto ake ndi mimba ndi kusiya sukulu. Lamulo la 2019 linaletsa m'Mozambique muno maukwati a ana osakwana zaka 18, koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale.

Pali mbali ina imene sindingaidumphe, ngakhale m'kalata yanu simukuoneka zotere. Mwana aliyense adziwe kuti kukhudza kwa mseri, kokhudza mabere, matako kapena kumaliseche, kapena kotsagana ndi mphatso ndi mawu oti "usawauze amako", ndi nkhanza, kaya wochitayo ndi bambo womubereka, womupeza, malume kapena mphunzitsi. Muuzeni momveka, ndipo adziwe kuti akakuuzani mudzamukhulupirira. Nambala ya foni yothandiza ana, 116 ya Linha Fala Criança, ndi yaulere, ndipo kupolisi kuli ofesi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza.

Kwa amayi anu pitani nokha, mwaulemu. Athokozeni, atsimikizireni kuti malire onse a kuchipinda akusungidwa, kenako afotokozereni za misozi ya mdzukulu wawo. Agogo ambiri amafewa akamva zimenezo. Ndipo musadikire kutha kwa mwezi: sabata ino amuna anu akaimba foni kuchokera ku Moatize, apemphe kulankhula ndi mwanayo, amufunse za kusukulu ndi zimene akufuna amubweretsere.

Azakhali