Zinalembedwa, koma dzanja linali la yani?

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, achemwali, ndipo ndakhala masiku anayi osaiyankha. Mwati mukuwerenga sewero la Oedipus kusukulu, ndiye mukufunsa kuti ngati milungu inaneneratu mwanayo asanabadwe kuti adzapha atate ake ndi kukwatira amake, iye walakwa chiyani? Kumapeto mwaikako mzere umodzi wa za kwanu, kuti akuluakulu amati mabanja a ana aakazi a mbumba yanu salimba, ndi za kumtundu, inunso musayembekezere zina. Mzere umenewo ndi umene wandisowetsa tulo.

Ndiyambe ndi mng'ono wanga.

Anali ndi zaka 19. Tsiku limenelo dzuwa linali litapendeka, nkhuku zikulowa m'khola, ine nditangofika kumudzi kuchokera ku tauni, foni ilibe mayunitsi. Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akukonza tcheni cha njinga, manja ali bii ndi girisi, ndipo ndinamupatsa ndalama kuti athamangire ku sitolo za kumsewu. Anati, "Achimwene, kwada, njingayi ilibe nyale." Ndinamuyankha kuti akapalasa mwachangu abwera mdima usanagwire. Anapukutira manja pa kabudula, nanyamuka. Lole yonyamula mabelo a fodya inamupeza pa kamlatho akubwerera. Amene anamunyamula anati anatsirizikira pomwepo. Khadi la mayunitsi tinalipeza m'thumba la malaya ake, losakanda.

Pa maliro mawu anali amodzimodzi. Amfumu anati chakudza sichiimba ng'oma. Akulu a mpingo anati linali tsiku lake. Azimayi a m'siwa ankawasisita amayi pamsana, nkumati zinalembedwa mayi, limbani mtima. Mawu amenewo sindinadane nawo pakamwa pa anthu awa, chifukwa ndinaona amayi akuwatsamira ngati ndodo. Koma tsiku lachiwiri kunabwera mwini lole ndi matumba awiri a chimanga komanso ndalama za bokosi. Anakhala pa mpando umene tinamupatsa, nati, "Abale anga, zinalembedwa, palibe akanaziletsa." Mudzi wonse unkadziwa kuti mabuleki a lole imeneyo anali ovuta kuyambira nthawi yokolola, dalaivala mwiniwakeyo ankadandaula poyera. Ndinamva magazi akuwira. Asuweni anga ankafuna kukaitentha usiku womwewo, ndipo mtima wanga unali nawo limodzi. Chimene chinandimanga miyendo nchakuti nanenso mawu a munthu ujawo ndinali nawo m'kamwa. Ndinkadziuza chamumtima kuti linali tsiku lake, kuti ndisamve mawu aja a nyale.

Masewero a Agiriki ndinakumana nawo patapita zaka zingapo, m'buku lachingerezi lothothoka chikuto limene ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981, ana amaphunzira Chigiriki chenichenicho, koma ambirife timawapeza motere masewerowa, ndipo sizichepetsa kanthu. Oedipus ndinamuwerenga usiku umodzi. Ndinkafunamo chilolezo choti ndipitirize kunena kuti zinalembedwa, koma mlembi wake Sophocles anandimana.

Seweroli analilemba cha m'ma 429 Yesu asanabadwe, mzinda wa Athens utangogwidwa ndi mliri mu 430, ndipo nalonso limayamba ndi mliri mu mzinda wa Thebes. Anthu amene ankakhala m'munsi mwa phiri la Acropolis pa chikondwerero cha Dionysus, kuonerera amuna atatu ovala zigoba kumaso pamodzi ndi gulu la oimba, nkhaniyo ankaidziwa kale mathero ake. Ankabwera kudzaona njira imene munthu wayenda kuti akafike kumeneko. Ndipo taonani bwino, achemwali: Apollo, mulungu amene analosera, saoneka pabwalo ngakhale kamodzi. Laius, mfumu ya Thebes, ndi mkazi wake Jocasta, makolo a Oedipus, ndi amene anaboola mwanayo m'mapazi nkumupereka kuti akatayidwe pa phiri la Cithaeron. Mbusa amene anatumidwa ndi amene anagwidwa chifundo nkumupatsa mbusa mnzake wa ku Corinth. Oedipus atakula, munthu wina woledzera anamunyogodola pa phwando kuti si mwana weniweni wa Polybus, mfumu ya Corinth imene inamulera, iye napita ku kachisi wa Apollo ku Delphi kukafunsa, namva ulosi woopsawo, nasankha yekha kuti ku Corinth sadzapondakonso. Aliyense anachita zimene mtima wake unamuuza, wina mwa mantha, wina mwa chifundo, wina mwa chikondi pa anthu amene ankati ndi makolo ake.

Kenako pamphambano paja, pamene misewu itatu ikumana. Nkhani yake inali yongopatukirana njira. Oyendetsa ngolo anafuna kumukankhira kumbali, iye anamenya mmodzi, mkulu wa m'ngoloyo, amene anali Laius, anamukhoma m'mutu ndi ndodo yokusira akavalo, ndipo Oedipus anamupha iye ndi anthu ake, kupulumuka mmodzi yekha. Pamenepa ine ndimaima nthawi yaitali. Munthu wangouzidwa kumene kuti udzapha atate ako, sukudziwa bwinobwino kuti atate ako ndani, ukumana ndi bambo wamsinkhu wa atate ako, nkutukula ndodo. Mlandu wopha kholo mwadala ine sindimupeza nawo. M'sewero lina limene Sophocles analemba atakalamba, limene linaonetsedwa mu 401 iye atamwalira kale, Oedipus amadziteteza kuti sankadziwa ndipo anayamba kumenyedwa ndi iye, ndipo akunena zoona. Komabe ukali umene unatukula ndodoyo unali wake, womwewo timauonanso akamakalipira wolosera Tiresias ndi mlamu wake Creon.

Zimene amachita ife tikuona pabwalo, zonse ndi zosankha. Tiresias akumukaniza kuti asafunse. Jocasta atazindikira akumupempha kuti alekere pomwepo. Mbusa wokalamba uja akuchita kukakamizidwa kuti alankhule. Oedipus, amene tsopano anali mfumu ya Thebes ndi mwamuna wa Jocasta, akanatha kukhala chete nkufa ali mfumu, koma anali atalonjeza anthu ake kuti apeza wakupha Laius kuti mliri uthe, ndipo anakumba mpaka anadzifukula yekha. Ndimamulemekeza pa chimenechi kuposa munthu wina aliyense wa m'masewerowa. Atadzibaya m'maso ndi mapini agolide a chovala cha Jocasta, oimba aja amamufunsa kuti ndi mulungu uti wamuchititsa. Yankho lake lili pawiri: Apollo ndiye wadzetsa masautsowa, koma dzanja limene labaya masowa ndi lake, si la wina. Nditafika pamenepo ndinatseka buku, ndinatuluka panja.

Mawu amene Agiriki ankatchulira zimene ife timati zolembedwa ndi moira, ndipo tanthauzo lake ndi gawo, monga gawo la nyama limene umalandira pogawana. Susankha kuti ubadwire m'nyumba iti, kapena kuti lole ifike pa mlatho mphindi iti. Ndikuvomera. Chimene ndimakana, ndipo ndikamakula ndikukanitsitsa, nchakuti munthu amene dzanja lake linalipo abisale kuseri kwa gawolo. Mawu akuti zinalembedwa ndi a wofedwa ndi omutonthoza. Mwini lole analibe ufulu wowatchula pabwalo pathu. Inenso ndinalibe.

Aeschylus, mlembi wina wa masewero, anaziona zimenezi Sophocles asanalembe Oedipus. Mu 458 anaonetsa masewero atatu otsatizana a banja la mfumu Agamemnon. Zombo za Agiriki zopita ku nkhondo ya ku Troy zaima pa doko la Aulis, mphepo yakana, wolosera Calchas wanena kuti mulungu wamkazi Artemis akufuna mwana wamkazi wa mfumu, Iphigenia. Agamemnon akulingalira, akuona kuti mbali zonse ziwiri nzowawa, kenako oimba amati anavala goli la kukakamizidwa. Anavala yekha. Atavala mtima wake unatembenuka, nalamula kuti mwanayo amumange pakamwa kuti asatemberere nyumba, amunyamule pamwamba pa guwa ngati mbuzi. Patatha zaka khumi mkazi wake Clytemnestra anamupha pobwezera, ndipo ataima pafupi ndi mtembo anayesa kunena kuti wachita zimenezi ndi mzimu wakale wolipsa wa nyumbayo, wongovala thupi lake. Oimba anamukanira. Anati mzimuwo mwina unathandizira, koma ndani angaikire umboni kuti iwe ulibe mlandu? Akanakhalapo akuluakulu amenewa pa maliro a mng'ono wanga.

Za bwalo la milandu

Magazi a m'nyumba ya Agamemnon sanathere pamenepo. Mwana wake Orestes anapha amake polamulidwa ndi Apollo, ndipo mizimu yolipsa magazi, ma Erinyes, inamuthamangitsa mpaka kuzungulira mutu. Ndikamawerenga pamenepa ndimakumbuka chirope chimene agogo ankanena, chogwira munthu wokhetsa magazi. Chimene chinadula unyolowo ndi bwalo. Mulungu wamkazi Athena anasonkhanitsa nzika za Athens pa phiri la Areopagus, mbali zonse zinalankhula, oweruza anaponya timiyala, mavoti anafanana, ndipo poti Athena anaima ndi Orestes, anamasulidwa. Pali chinthu chimodzi m'menemo chimene sindichimeza. Apollo poteteza Orestes amati mayi si kholo lenileni, amangosunga mbewu ya bambo. Ine wokulira m'manja mwa amalume, kumene mwana ndi wa kwa amake, mawu amenewo amandinyansa, ndipo kupambana mlandu ndi mfundo yotere kumandionetsa kuti bwalo limatha kuthetsa nkhondo popanda kukhutiritsa mtima. Komabe Athena sanaithamangitse mizimu ija, anainyengerera kuti ikhale mu mzindawo ndi kulandira ulemu.

Anthu a ku Athens kunja kwa masewero anali ndi lamulo lenileni pa zimenezi. Lamulo limene Draco anawalembera cha m'ma 621 Yesu asanabadwe linkasiyanitsa wopha mwadala ndi wopha mosafuna, ndipo analizokotanso pamwala mu 409, mwala umene ulipobe mpaka lero ku Athens. Wopha mosafuna ankachoka m'dziko. Akanatha kukhululukidwa ngati bambo, abale ndi ana aamuna a malemu avomera onse, koma mmodzi yekha akakana, mawu a wokanayo ndiwo ankagwira. Kwathu wokanayo ndinali ine. Amalume ankafuna tikauze apolisi kuti takhululuka, nkhani ithere pamudzi, poti munthu wapepesa ndi chimanga ndipo wakufa sadzuka. Ndinawauza kuti amalume, pepani, koma mlandu suola. Nkhani inapita kukhoti, inazengereza miyezi yambiri, amayi sanapondeko ngakhale tsiku limodzi. Dalaivala anamulipiritsa chindapusa. Mwini lole, amene ankadziwa za mabuleki, sanafunsidwe kanthu. Ndinatuluka m'khotimo wopanda chimwemwe, komabe asuweni anga sanatenthe lole, palibe mwana wa munthu wina amene anafa chifukwa cha wathu, ndipo penapake m'mabuku a boma munalembedwa kuti imfa ya mng'ono wanga inali ndi woichititsa. Za amene anamutuma mumdima palibe khoti linafunsa, ndipo palibe lamulo limene ndinaphwanya. Zimenezo ndinatsala nazo ndekha.

Pa za mbumba yanu, werenganinso Antigone, sewero la Sophocles la cha m'ma 441. Oimba a m'menemo amalankhula ngati akuluakulu a kwanu, kuti tsoka la nyumba ya Labdacus, agogo ake a Oedipus, limagwa m'badwo ndi m'badwo osaleka. Koma pabwalo pali ana aakazi awiri a Oedipus, bere limodzi, magazi amodzi. Creon, amene tsopano ndi mfumu, walamula kuti mlongo wawo Polyneices asaikidwe m'manda. Ismene akuopa lamulo la mfumu, Antigone akupita kukathira dothi pa mtembo podziwa kuti afa nazo, ponena kuti pali malamulo osalembedwa a milungu oposa a Creon. Palibe ulosi umene unamutuma. Temberero likanakhala loyendetsa miyendo, onse awiri akanalowera kumodzi.

Ndiye polemba ntchito yanu ya kusukulu, siyanitsani zimene Apollo ananeneratu, zimene Oedipus anachita osadziwa, ndi zimene anachita maso ali poyera, ndipo mutsamire pa yankho lake lija atadzichititsa khungu. Pa za kwanu, pitani kwa amayi anu aakulu ndi aang'ono, aliyense payekha, muwafunse mwaulemu chimene chinathetsa banja lawo. Ndikukhulupirira kuti mukamva nkhani zosiyanasiyana, ina ya mowa, ina ya nkhanza, ina ya mwamuna amene anapita ku Joni osabwerako, iliyonse ili ndi mwini dzanja.

Ine amayi ndinawauza chaka chatha. Tinali pakhonde akusenda mtedza m'lichero, ndipo ndinati, "Amayi, tsiku lija ndine ndinamutuma, ndipo anandiuza kuti njinga ilibe nyale." Sanadzutse mutu. Anati ankadziwa, anali m'khitchini ndipo anamva zonse, mawu anga ndi ake omwe. Kenako anandisunthira lichero kuti ndiwathandize kusenda.