Thupi lonse likuphwanya, ndiye akuti ndizichita mafizo?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ku Luchenza, ndimathyola tiyi ku esiteti. Thupi lonse limandiphwanya, khosi, msana, chiuno mpaka miyendo, tulo sindigona bwino ndipo m'mawa ndimadzuka ndili wotopa kale. Magazi anayeza, X-ray anajambula, zonse akuti zili bwinobwino, kenako anati ndi fibromyalgia nkunditumiza ku mafizo. Nanga mafizo andithandiza bwanji poti kuyenda komweko ndi kumene kumandipweteka? Apongozi anga akuti ndi ulesi chabe.

YANKHO: Mayi, apongoziwo muwauze mwaulemu kuti si ulesi ayi. X-ray siyionetsa kanthu chifukwa vuto silili m'mafupa, lili mu ubongo ndi mu mtsempha waukulu wa kumsana momwe mumadutsa uthenga wa ululu. Zili ngati galu wa pakhomo amene wayamba kuuwa ngakhale tsamba likangogwa. Mu 2002 ku America, Richard Gracely ndi anzake ankafinya chala chachikulu cha odwala uku akujambula ubongo pa makina a sikani, anapeza kuti kufinya pang'ono chabe, pafupifupi theka la mmene ankafinyira anthu abwinobwino, kunkadzutsa mbali za ubongo zomva ululu mofanana. Ndiye ululu wanuwo ndi weniweni.

Tsono ubongo uli ndi njira yakeyake yotsitsira ululu, umatumiza mankhwala ake monga serotonin ndi noradrenaline kutsikira kumsana, koma kwa odwala fibromyalgia njira imeneyi imakhala yofooka. Mafizo amalowera pamenepo. Mukamayenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ubongo umazolowera kuti kusuntha si ngozi, tulo timayamba kubwera, ndipo tulo tikabwera ululu nawonso umatsika chifukwa kusagona kumakulitsa ululu ngakhale kwa munthu wosadwala. Bungwe la madokotala a nyamakazi ku Ulaya la EULAR, mu malangizo ake a 2017, linaika masewera olimbitsa thupi pamwamba pa mankhwala onse.

Mwina mukuti ine ndimayenda kale m'mizere ya tiyi tsiku lonse dengu lili kumsana. Zimenezo ndi zina mayi, kumeneko thupi limapindika mbali imodzi yomweyo kwa maola ambiri. Mafizo ndi kuyamba ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo osakwera, kudziwongola, nkumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Chimene chimagwetsa ambiri ndi tsiku lomwe adzuka bwino, amachapa zonse, kukatunga madzi, kumunda, mawa lake osadzukanso nkumati mafizo sakuthandiza. Masabata oyamba ululu utha kukwerako pang'ono, musasiye, kusintha kumatenga miyezi.

Palinso chithandizo chokambirana ndi katswiri wa za maganizo chotchedwa CBT. Sikuti mwapenga ayi. Mantha oti "ndipuwala basi" amakoleza ululu, ndipo masikani aonetsa kuti anthu akamaliza CBT mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza kuugwira ululu, imagwira ntchito mwamphamvu kuposa kale.

Bulufeni sathandiza kwenikweni pa matendawa chifukwa palibe chotupa, musadziwonongere m'mimba pomangomwa. Funsani adokotala anu za mankhwala a amitriptyline ochepa omwa usiku, ndipo ngati sanayeze shuga, chithokomiro ndi HIV ayeze, popeza nazonso zimaphwanyitsa thupi. A mafizo mukawafunse pa chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, zikavuta akulembereni kalata ya ku Queens kapena ku chipatala cha mafizo cha Kachere mu Blantyre.